MLANDU WA PRESS TRUST: KODI WOSUNGA CHUMA CHA ANTHU AMAYANG'ANIRIDWA NDI YANI?

Mphunzitsi kapena kalaliki wa m'Boma amene amadulidwa ndalama za penshoni mwezi ndi mwezi ali nalo gawo m'makampani aakulu a dziko lino, chinkana iye mwini sanapondepo pakhomo pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Pakuti mabungwe osunga penshoni sakwirira ndalamazo pansi ayi, koma amagula nazo masheya m'mabanki ndi m'makampani ena, ndipo akulu oyendetsa makampaniwo akalakwitsa, wolira ndiye mphunzitsi uja pa tsiku lake lopuma ntchito. N'chifukwa chake nkhani ya amene amayang'anira osunga chuma cha anthu ambiri siili ya maloya okha. M'Malawi muno funso limeneli linafika koyamba pabwalo ndi mphamvu yake yonse pa mlandu wa Press Trust, m'zaka za 1996 ndi 1997.

Chiyambi cha Press chinali chaching'ono. Inali kampani yosindikiza Malawi News, nyuzipepala ya chipani cha Malawi Congress Party, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. M'chaka cha 1969 panabadwa Press Holdings, imene pafupifupi masheya ake onse anali m'dzina la Dr. H. Kamuzu Banda, ndipo kuchokera pamenepo inatambasula manja ake kufikira maesiteti a fodya, masitolo a PTC, mowa, mafuta a galimoto ndi mabanki. Kukula kumeneku kunali kwa ngongole, ndipo zina mwa ndalamazo zinachokera ku ADMARC, ndiko kuti ku phindu la mbewu za alimi wamba. Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 ngongole zinaposa mphamvu ya kampani, kotero kuti Boma linalowererapo ndi kuzisenza. M'chaka cha 1982 Dr. Banda anakhazikitsa Press Trust, kuti chumacho chisungidwe m'malo mwa mtundu wa Amalawi, ndipo mu 1984 panakhazikitsidwa Press Corporation.

Papepala zinthu zinaoneka zolongosoka. Koma asungi a chumacho anali Dr. Banda mwini ndi akuluakulu ena a chipani chake, ndipo masiku amenewo panalibe munthu wolimba mtima woti n'kufunsa kuti phindu likupita kuti.

Bilu ya Novembala 1995

Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chinasintha zonse. Chipani cha UDF cha a Bakili Muluzi chinapeza mipando 85 m'Nyumba ya Malamulo, MCP 56, ndipo AFORD 36, yonse pamodzi 177. Boma latsopano linapeza kuti ngakhale linatenga ulamuliro, mbali yaikulu ya chuma cha dziko inatsala m'manja mwa amene anagonja. Nduna ya Zachuma pa nthawiyo inali a Aleke Banda, amene anaidziwa Press kunja ndi m'kati, popeza ndiwo ankaiyendetsa asanatsekeredwe m'ndende mu 1980, m'mene anakhala kufikira 1992.

M'mwezi wa Novembala 1995 Boma linabweretsa bilu yokonzanso Press Trust, yochotsa asungi akale ndi kuika njira yatsopano yosankhira ena. Aphungu a MCP anakana nati bilu yabwera mwaliwiro, iwo asanapatsidwe nthawi yokwanira yoiwerenga, ndipo anatuluka m'Nyumba. Otsalawo anaivomereza. Pamenepo chipani cha MCP, pamodzi ndi a Louis Chimango ndi Dr. Hetherwick Ntaba, chinakasuma ku Bwalo Lalikulu la Milandu.

Madandaulo awo anali awiri makamaka. Loyamba linali la kuwerenga mitu: malamulo aakulu a dziko pa nthawiyo ankafuna kuti pakhale magawo awiri mwa atatu a aphungu onse kuti Nyumba iyambe ntchito, ndipo odandaulawo anati pamene bilu inkavomerezedwa chiwerengerocho chinali chitaperewera. Lachiwiri linali lakuti lamulo latsopanolo likulanda katundu popanda chifukwa. M'mwezi wa Julayi 1996 Jaji Dunstain Mwaungulu anagwirizana nawo, nagamula kuti lamulolo n'lopanda mphamvu.

Chigamulo chimenechi chinadabwitsa anthu ambiri, pakuti Amalawi anali asanazolowere kuona jaji akuuza Boma lolamula kuti lalakwa pa nkhani yaikulu yotere. Ndiponso panali chinthu china chimene okalamba sanalephere kuchiona. Chipani chimene chinathamangira kubwalo ndi maloya ake ndicho chomwe kuyambira 1969 chinapatsa makhoti a miyambo mphamvu yozenga milandu ikuluikulu, kumene loya sankaloledwa kuimira munthu. Kumeneko n'kumene a Orton Chirwa, loya woyamba wa Chimalawi ndiponso mtsogoleri woyamba wa MCP yomweyo, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 pamodzi ndi mkazi wawo mayi Vera Chirwa. Chilangocho chinasinthidwa, koma a Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Boma linachita apilo, ndipo m'mwezi wa Januwale 1997 Bwalo la Apilo linagubuduza chigamulo chija. Oweruza anati chiwerengero cha aphungu chimafunika pa chiyambi cha msonkhano wa tsikulo, ndipo ngati chinakwana pamenepo, otuluka pambuyo pake sangafafanize ntchito ya otsala. Anaonjeza kuti sikungakhale kwanzeru kulola kagulu ka aphungu kuimitsa ntchito zonse za Boma mwa kungonyamuka pa mipando yawo. Pa nkhani ya katundu, bwalo silinaone kulanda kulikonse, chifukwa msungi sali mwini wa chimene asunga.

Mfundo yotsirizayi ndiyo inali mtima wa mlandu wonse, koma chodandaulitsa n'chakuti si imene inamveka kwambiri. Anthu anakangana za chiwerengero cha aphungu, ndipo ophunzira malamulo amakumbukira mlanduwu makamaka pa nkhani ya kayendetsedwe ka Nyumba ya Malamulo. Funso lakuti asungi atsopano adzayankha kwa yani, ndi kuti mlimi wa ku Kasungu amene fodya wake anathandiza kumanga Press angawafunse bwanji, silinali pamaso pa oweruza, ndipo iwo sanaliyankhe. Dr. Banda anamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997. Chaka chotsatira, 1998, masheya a Press Corporation anayamba kugulitsidwa pa Malawi Stock Exchange, ndipo kuyambira pamenepo kampaniyo inakakamizidwa kuonetsa mabuku ake kwa anthu chaka ndi chaka. Kunena zoona, msika unachita zambiri pa kutsegula zitseko za Press kuposa chigamulo cha bwalo.

Malamulo ndi maloya pambuyo pake

Vuto la mwini masheya wamng'ono ndi lakale ndithu. Malamulo athu a makampani anachokera ku England, kumene pa mlandu wa Foss v Harbottle, mu 1843, anagamula kuti kampani ikalakwiridwa, woyenera kusuma ndi kampani yomweyo, osati mwini masheya payekha. Tsono ngati olakwawo ndi madayirekitala omwe amalamula kampani, adzadzisumira okha kodi? Ndiye kuuza fisi kuti afufuze za mbuzi yosowa.

Lamulo la Makampani la 2013, limene linalowa m'malo mwa la 1984 ndi kuyamba kugwira ntchito mu 2016, linalemba poyera udindo wa madayirekitala, ndiponso linapatsa mwini masheya njira yopempha chilolezo kubwalo kuti asume m'dzina la kampani. Lisanabwere lamuloli, mu 2010, panatuluka Malawi Code II, malangizo a kayendetsedwe kabwino ka makampani, ndipo mu 2007 Bwalo Lalikulu linatsegula nthambi yake yozenga milandu ya malonda ku Blantyre, kuti milandu yotere isamagone zaka pa mzere umodzi ndi ya malire a munda.

Nayo ntchito ya uloya yasintha. Kwa zaka zoposa makumi asanu inkayendera lamulo la 1965, lolembedwa pamene maloya a Chimalawi anali owerengeka pa zala, ndipo kwa nthawi yaitali sukulu yokha yophunzitsa malamulo inali ya University of Malawi, imene kuyambira 1973 inali ku Chancellor College ku Zomba. Lamulo latsopano la 2018 linakhazikitsa Malawi Institute of Legal Education yophunzitsa ntchito yeniyeni ya pabwalo, linalimbitsa chilango cha loya wodya ndalama za womulemba ntchito, ndipo linafuna kuti loya azithandiza osauka mwaulere ndi kupitiriza kuphunzira kuti chiphaso chake chikonzedwenso chaka ndi chaka. Malawi Law Society, imene kale inkayenda mwa kunong'ona, inasanduka bungwe lolankhula poyera ndi kutengera ngakhale Boma kubwalo.

Komabe njira yolembedwa m'buku ndi njira yoyendamo anthu n'zosiyana. Mlandu wotsutsana ndi madayirekitala umafuna loya wodziwa kuwerenga mabuku a ndalama, ndipo loya wotereyo kawirikawiri ndi yemwe makampani aakulu omwewo anamulemba kale ntchito. Wogonja pa mlandu amalipiranso zimene mnzake waononga, chinthu chimene chimabweza m'mbuyo munthu wa masheya ochepa asanafike n'komwe pakhomo pa loya. Amene ali ndi mphamvu yokwanira kufunsa mafunso ndi mabungwe osunga penshoni ndi a inshuwalansi, chifukwa ndiwo amagwira masheya ochuluka ndi mavoti ochuluka pa msonkhano wa pachaka wa kampani. Mabungwe a penshoni nawo amayendetsedwa ndi asungi, monga momwe zinalili ndi Press Trust, ndipo mamembala ambiri, aphunzitsi ndi makalaliki a m'maboma akutali monga Chitipa ndi Nsanje, sadziwa ngakhale maina a asungi awo, pamene maofesi a maloya ochuluka ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu.