Mvula yoyamba ikagwa, mseu umasanduka sopo

Mvula yoyamba ikagwa mu Lusaka, tonse timakondwela kuti fumbi latha. Koma kwa ife okwela minibasi, iyi ndiye nthawi yocenjela. Miyezi yonse ya cilimwe, oilo wodontha m'magalimoto, fumbi na tuzidutswa twa matayala zimaunjikana pa tala. Madzi akagwelapo, zonsezi zimasakanizika n'kuyamba kutelela monga sopo. Ba dalaiva aponda buleki, basi ikungopita cabe.

Cimene cimaimitsa basi si buleki yokha, koma kugwilana kwa tayala na mseu. Mu tala muli tumiyala tokhakhala tomwe tumagwila tayala, ndipo mipata ya pakati pa tumiyalato ndiye imathawitsa madzi. Zaka zikamapita, matayala amapelepesa tumiyala tuja mpaka tusalale, makamaka pa maloboti, pamakona na pamasiteshoni, pomwe magalimoto amaima kawilikawili. Ine nikakhala ku mpando wa kutsogolo pa Great East Road kapena Kafue Road, nimayang'ana malo akuda onyezimila. Pamenepo phula linakwela pamwamba cifukwa ca kutentha, n'kuphimba tumiyala. Pakanyowa, m'poopsa.

Akatswili a ndeke vutoli analiona kale. M'zaka za m'ma 1960, bungwe la NASA ku America linayesa kudula tumizele tong'ono pa mseu wotelapo ndeke kuti madzi azithawilamo. Lelo mabwalo ambili a ndeke amacita zimenezi, komanso amapala labala yotsalila pomwe ndeke zimatela. Ku London, pafupi na powolokela anthu amamatapo miyala yolimba ya bauxite yowocha, yomwe sisalala msanga. Palinso makina opima kutelela kwa mseu. Conco tikamapempha ba RDA na ba kanselo kutseka maenje, tiziwakumbutsanso za malo osalala. Mseu wopanda dzenje ungaphe munthu.

Manje tayala nayo ili na mbali yake. Mizele ya pa tayala nchito yake ni kukankha madzi. Ikatha, tayala imayandama pamadzi ndipo siteling'i siimvela. Pa mseu wonyowa, mtunda woimila ungakule kuwilikiza kawili. Liwilo likacoka pa 40 kufika pa 80, mtunda wa buleki umakula kanayi.

Nidziwa, ba dalaiva ali na cashing yofunika kupeleka kwa mwini basi madzulo, ndipo ise ticedwa ku nchito. Koma musanakwele pa Kulima Tower kapena pa City Market, ponyani diso pa matayala. Ngati ni osalala monga mbale, yembekezani basi ina. Ndipo mvula ikayamba muli m'kati, osakuwa kuti “ba dalaiva, fulumilani!” Akacepetsa liwilo, asiyeni. Kucedwa mphindi khumi abwana angakukhululukileni, koma ana kunyumba afuna mufike.