Ndani Aloledwa Kupita Kale?

Mlembi amene akufuna kuti munthu wa m'nkhani yake achoke chaka chino n'kukatulukira chaka china amayamba waika malamulo. Kodi wapaulendoyo angasinthe zimene zinachitika? Akasintha, alipire ndani? Nanga angabwerere kwawo ali wathunthu? Mafunsowa amaoneka ngati ongosewera nawo, komatu mayankho ake amaulula chimene mtundu wa anthu umakhulupirira pa nkhani ya cholakwa: kaya chimafufutika kapena chimalipiridwa.

Mu 1895, H. G. Wells wa ku England anatulutsa buku la The Time Machine. Munthu wake anapanga makina, nakhalapo, n'kukafika m'chaka cha 802,701, kumene anapeza anthu atagawikana pawiri: a Eloi okhala pamtunda ndi a Morlock okhala pansi pa nthaka. Kwa Wells, nthawi ili ngati msewu: dzulo ndi mawa ndi malo amene alipo kale, ndipo amene ali ndi chokwera akhoza kukafikako. Alembi amene anabwera pambuyo pake anaona kuti msewu wotere ndi woopsa, choncho anayamba kuuikira malire.

Ray Bradbury wa ku America, m'nkhani yake ya mu 1952 yotchedwa A Sound of Thunder, anasimba za alenje olipira kampani kuti iwatengere ku nthawi ya zinyama zikuluzikulu zimene zinatha kalekale. Lamulo linali loti asaponde pambali pa kanjira kamene anawakonzera. Mmodzi, Eckels, anagwidwa mantha, napatuka, naponda gulugufe. Pobwerera anapeza kalembedwe ka mawu kasintha, ndipo pachisankho wapambana ndi munthu wina. Filimu ya Back to the Future ya mu 1985 inatsata lamulo lomweli: Marty McFly atafika mu 1955 anasokoneza kukumana kwa makolo ake, ndipo abale ake anayamba kuzimiririka pa chithunzi chimene anali nacho. Apa m'pamene pagona funso lotchuka lija: ukapha agogo ako asanabereke, ndiye wowaphayo wachokera kuti?

Ena anathawa funsoli potseka mpata wosintha. M'buku lachitatu la Harry Potter, la mu 1999, Harry akupulumutsidwa ndi munthu amene wamuona chapatali, ndipo atabwerera m'mbuyo maola ochepa akuzindikira kuti munthuyo anali iye mwini. Chimene wapita kukachita chinali chitachitika kale. Enanso, monga opanga filimu ya Avengers: Endgame ya mu 2019, anati ukasintha zakale nthawi imachita mphanda, ndipo dziko limene unachokera limatsala momwe linalili. Malamulowa ndi osiyana, koma agwirizana pa chinthu chimodzi. Woyenda ndi munthu wamoyo, ndipo akale sanamuitane.

Kwathu nkhani imayambira kwina. Akuluakulu amasimba kuti Chauta anatuma nadzikambe kukauza anthu kuti akafa adzauka, natumanso buluzi ndi uthenga woti akafa adzafa ndithu. Buluzi anathamanga n'kufika msanga. Nadzikambe anafika mochedwa, uthenga wa imfa utalandiridwa kale. Taonani kuti m'nthanoyi palibe amene akuganiza zobwerera m'mbuyo kukamufulumizitsa nadzikambe. Mawu oyamba kufika anakhazikika, ndipo anthu anayamba kuphunzira kulira maliro. Madzi akatayika saoleka.

Koma kunena kuti zakale sizisinthika sikutanthauza kuti zinatsekeredwa kutali. Kwa Achewa, akale ndiwo amayenda ulendowu, kubwera kuno kwa amoyo. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, akatuluka pabwalo pa maliro, pa chinamwali kapena polonga mfumu, mudzi umalandira mizimu ya makolo yobwera kudzaona ana awo. Akale amafikanso kutulo, kapena kudzera m'matenda ndi chilala, ndipo amoyo amayankha ndi nsembe ya ufa kapena mowa. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, Amang'anja akhala akupempha mvula kwa Mbona, munthu amene anaphedwa kalekale koma sanasiye kulankhula ndi anthu ake. Wolowa ufumu amalowanso dzina, ndipo amatenga ubale ndi milandu ya amene anamusiyira mpando. Mwana wopatsidwa dzina la agogo ake amatha kuitanidwa kuti "amayi" ndi makolo ake omubereka.

Ulendo uwu nawo uli ndi malamulo ake okhwima. Wamoyo sanyamuka yekha kupita kwa akale. Akale sabwera kudzangocheza, koma kudzakumbutsa mwambo wothyoledwa kapena m'bale woiwalika. Cholakwa cha dzana sichifufutika, koma mlandu wake ukadali wotseguka, ndipo umakambidwa lero: kupepesa, kulipira, kuthira nsembe. Komanso nkhaniyo si ya munthu mmodzi. Mbumba yonse imakhala pansi, mwini mbumba ali pomwepo.

Si ife tokha amene tili ndi nthano zokana ulendo wobwerera. Ku Japan amasimba za msodzi Urashima Taro, amene anapulumutsa kamba wam'madzi, nakachezera nyumba yachifumu ya pansi pa nyanja kwa nthawi yochepa, koma pobwerera anapeza kuti kumudzi kwapita zaka mazanamazana. Asilamu a ku Mangochi ndi ku Machinga amadziwa bwino Surah Al-Kahf, imene imasimba za anyamata ogona m'phanga zaka 309. Onsewa anapita kutsogolo kokha, ndipo palibe amene anabwezeredwa masiku ake.

Buku lakunja limene limayandikira kwambiri kaganizidwe kathu ndi Kindred, lolembedwa ndi Octavia Butler mu 1979. Dana, mayi wachikuda wa ku California, alibe makina aliwonse. Amangokokedwa kuchoka mu 1976 kupita ku munda wa akapolo ku Maryland, nthawi iliyonse imene Rufus, mwana wa mwini akapolo amenenso ndi kholo lake la Dana, ali pangozi ya imfa. Dana sangathetse ukapolo. Ayenera kupulumutsa munthu wankhanza kuti mtundu wake ubadwe, ndipo pobwerera komaliza amasiya mkono wake komweko. Butler, mdzukulu wa anthu amene anagulitsidwa ukapolo, anadziwa kuti mbiri yotere suikonza ndi makina. Imakuitana, ndipo umabwerako ndi bala.

Mu 1969, John Mbiti wa ku Kenya analemba kuti maganizo a makolo a mu Africa amayang'ana kwambiri m'mbuyo ndipo saona patali kutsogolo. Ambiri anamutsutsa, ndipo Shadreck Chikoti wa kwathu konkuno anasonyeza kuti Mmalawi akhoza kuyang'ana patali pamene analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Kutsogolo tayamba kupitako. Ulendo wa m'mbuyo ndiwo ukudikirabe alembi, ndipo ndikufunitsitsa kuti aulembe ndi malamulo athu.

Taganizani mtsikana wa ku Nkhotakota amene waitanidwa ndi kholo lake lomwe likukwezedwa m'chombo cha akapolo cha Jumbe, kapena mnyamata wa ku Chiradzulu wofika ku Mbombwe mu Januwale 1915, John Chilembwe akukonzekera nkhondo. Mlembi wotengera mafilimu adzawapatsa mfuti ndi mwayi wosintha mbiri, ndipo owerenga adzasangalala kwa ola limodzi. Mlembi womvera akuluakulu adzafunsa mafunso olemera: wamuitana ndani, abale ake avomera, walipira chiyani, nanga akabwerera akanena chiyani pabwalo? Nkhani yachiwiriyi ndi yovuta kulemba, chifukwa woyendayo sapulumutsa aliyense. Amabwerako ndi mayina a oiwalika komanso ngongole imene mudzi wake uyenera kubweza, ndipo owerenga nawo amayamba kufufuza ngongole za kumudzi kwawo.