Chingwe cha ku Zomba ndi milandu ya kuno ku Thyolo

"A loya, kodi anthu amanyongedwabe?" Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri m'makomboni a esiteti za tiyi kuno ku Thyolo, kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Thekerani. Ena amafunsa motsitsa mawu chifukwa m'bale wawo ali kundende ya Zomba. Ena amafunsa mokalipa chifukwa m'bale wawo ali kumanda, pamene womuphayo akudyabe mgaiwa wa boma. Onsewo ndimawauza chimodzi: lamulo likadalipo, ndipo bwalo lingathe kugamula kuti munthu aphedwe, koma womaliza kunyongedwa m'dziko muno ananyongedwa mu 1992. Bakili Muluzi atalowa m'boma mu 1994 anakana kusainira kalata yopha mkaidi, ndipo onse amene anamutsatira pampandowo sanasainirepo.

Njira yathu ndi chingwe, ndipo tinaitengera kwa Angerezi. Ambiri amaganiza kuti wonyongedwa amafa chifukwa chobanika. Kale zinkaterodi, koma m'zaka za m'ma 1870 wonyonga wina wa ku England, William Marwood, anayambitsa njira yoti munthu agwere m'dzenje la pansi pa thabwa kuti khosi lithyoke nthawi yomweyo. Choncho mkaidi ankamuyeza kulemera tsiku lisanafike, n'kuwerengera utali wa chingwe. Masamuwo akalakwika, munthu ankaphupha kwa mphindi zambiri, kapena mutu unkaduka. Mkulu wa ndende ndi dokotala ankakhalapo, m'busa ankaloledwa kupemphera naye. Mwambo wa Angerezi unalinso wakuti ndende yokha ndiyo iike mtembo. Kwa ife amene timati maliro satha abale asanaone nkhope ndi kuponya dothi, mbali imeneyi inkalanga banja lonse.

Mayiko ena ali ndi zawo. Ku Saudi Arabia amadula mutu ndi lupanga, ku America amabaya jakisoni wa mankhwala, ndipo mu Januwale 2024 boma la Alabama linapha mkaidi pomupumitsa mpweya wa nitrogen. Aliyense amati njira yake ndiyo yachifundo. Ine sindinaonepo njira imene madokotala onse anavomerezana kuti siipweteka.

Mbiri ya chingwechi kwathu kuno imayenda limodzi ndi ndale. Nkhondo ya John Chilembwe itatha mu 1915, nkhondo imene inabadwira m'madandaulo a thangata m'esiteti za ku Magomero, atsamunda anapha omutsatira makumi angapo, ena powanyonga, ena powawombera ndi mfuti. Mu 1966 Medson Silombela ananyongedwa ku Zomba pamaso pa anthu oitanidwa kudzaonerera. M'zaka za m'ma 1970 milandu yakupha ndi youkira boma inkatha kupita ku makhothi a mafumu, kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Kumeneko ndiko Albert Muwalo anaweruzidwa, n'kunyongedwa mu 1977. Orton ndi Vera Chirwa anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983, kenako chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Lero mlandu wakupha sungathere kwa majisitireti. Umapita ku bwalo lalikulu, limene nthawi zina limabwera kudzazenga milandu kumaboma monga kuno ku Thyolo. Wogamulidwa ali ndi ufulu wochita apilo ku bwalo la Supreme. Akalephera kumeneko, nkhani yake imapita ku komiti yolangiza pulezidenti pa zokhululukira akaidi, ndipo popanda saini ya pulezidenti palibe amene angakhudze chingwe. Mayi woyembekezera sagamulidwa imfa, chimodzimodzinso munthu amene anapalamula asanakwanitse zaka 18.

Chimene anthu ambiri a kuno sadziwa n'chakuti mlandu umene unasintha lamuloli unayambira m'boma lathu lomwe lino. Mu 2002 bwalo lalikulu, litakhala ku Thyolo, linapeza Francis Kafantayeni wolakwa pa mlandu wopha mwana wa zaka ziwiri, mwana womupeza. Iye anavomera, koma anati mutu wake sunkagwira chifukwa cha chamba. Nthawi imeneyo gawo 210 la malamulo a milandu silinkapatsa woweruza mpata wosankha. Kaya munthu wapha mwadala atakonzekera mwezi wathunthu, kaya wakantha mnzake kamodzi pa ndewu ya pakachasu tsiku lolandira malipiro, akangopezeka wolakwa pa mlandu wakupha chilango chinali chimodzi, imfa. Kafantayeni ndi anzake asanu anakasuma, ndipo mu Epulo 2007 oweruza atatu, a Singini, a Kapanda ndi a Kamwambe, anagamula kuti imfa yokakamiza yotereyi ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Sanathetse chilango cha imfa. Anangoti woweruza azimva kaye za munthuyo ndi momwe zinachitikira asanasankhe chilango. Nyumba ya Malamulo inakonza gawolo mu 2011.

Ntchito yathu yeniyeni inayambira pamenepo, ngakhale kuti inachedwa. Milandu ya akaidi amene anagamulidwa pa lamulo lakale inayamba kumvedwanso mu 2015, mothandizana pakati pa bungwe la Malawi Human Rights Commission, Legal Aid Bureau, ma paralegal a bungwe la PASI ndi ena. Akaidi oposa 150 anamvedwanso. Palibe amene anabwezeredwa chilango cha imfa, ndipo oposa 100 anatuluka.

Anthu amaganiza kuti loya wa milandu yotere amakhalira mabuku ndi Chingerezi chozama. Gawo lalikulu la ntchitoyi limachitikira pamkeka. Umakwera njinga ya kabaza kudutsa minda ya tiyi, kukafika kwa a nyakwawa, n'kudikira kuti aitanitse amalume ake a mkaidi, amene mwina anasamukira ku Luchenza kapena anaoloka kupita ku Mozambique. Mudzi umayamba wakukayikira, chifukwa ena anamva kalekale kuti munthuyo ananyongedwa ndipo analira kale maliro. Ukafotokoza kuti ali moyo, amayi ake amakhala kaye chete, kenako amafunsa ngati akudya. Ndiye mumayamba. Anabadwa chaka chiti? Agogo sakumbukira chaka, koma amakumbukira kuti kunali njala, kapena kuti anali asanayambe kuthyola tiyi pa esiteti yakuti. Kodi ankagwa khunyu? Anadwalapo malungo aakulu ali mwana? Analekeza kalasi iti, ndipo chifukwa chiyani? Anthu akati "ameneyo anali wozerezeka kuyambira kale," ine ndimalemba, chifukwa mawu amenewo angathe kutitengera kwa dokotala wa matenda a maganizo ku Zomba, ndipo lipoti la dokotalayo lingasinthe chigamulo.

Timapitanso kwa abale a wophedwa. Kumeneko sitipita kukapempha kuti akhululuke, ndipo loya amene amatero sadziwa ntchito yake. Timapita kukamva. Ena amati asadzabwerenso m'mudzi muno. Ena amati zaka zimene wakhala zakwana, abwere adzalere ana ake. Zonsezi woweruza ayenera kuzidziwa. Chondivuta kwambiri chimakhala mafayilo. Ndinakumanapo ndi mkaidi amene fayilo yake yonse inasowa, moti chotsala chinali kapepala kamodzi kosonyeza kuti anagamulidwa imfa. Mboni zinanena chiyani, loya wake anayankhula kapena ayi, palibe ankadziwa. Munthu amene anaonapo zimenezi amavutika kukhulupirira kuti boma lingaphe popanda kulakwitsa.

Koma musaganize kuti oweruza anasiyiratu. Mu Meyi 2019, kuno ku Thyolo komweko, bwalo lalikulu linagamula imfa kwa mwamuna amene anapha mnyamata wachialubino pofuna ziwalo zake. Woweruza anali a Kamwambe, mmodzi mwa atatu aja a mu 2007. Palibe kudzitsutsa pamenepa. Chigamulo cha Kafantayeni chinasiya imfa kuti ikhale ya milandu yoipitsitsa, ndipo kwa woweruzayo uwu unali umodzi mwa iyo. Mu Epulo 2021 bwalo la Supreme, pa mlandu wa Khoviwa, linaoneka ngati lathetseratu chilangochi, manyuzipepala n'kulemba choncho, koma mu Ogasiti chaka chomwecho oweruza anatulutsa chigamulo chokonzedwa chonena kuti funso limenelo silinali pamaso pawo. Mu 2022 pulezidenti Lazarus Chakwera anasintha zilango za amene ankayembekezera imfa kukhala ndende. Mozambique inachotsa chilangochi mu 1990, South Africa mu 1995, Zambia mu 2022, Zimbabwe kumapeto kwa 2024. Botswana ikunyongabe. Ife tili pakati: sitinyonga, koma sitinafafanize.

Kukhala pakatiko kuli ndi mtengo wake. Mkaidi wogamulidwa imfa amakhala zaka osadziwa ngati pulezidenti wotsatira adzasainira, ndipo ena amasokonezeka mutu ndi kudikirako. Panja napo, anthu akaona kuti boma silinyonga amaganiza kuti lamulo lafooka, ndiye wakuba akagwidwa ndi nkhuku kapena nkhuni za m'nkhalango ya esiteti amamuthira petulo. Amene amayatsa machesiwo ndi mlandu womwewo wa gawo 210 umene umamudikira, ngakhale panali khamu.

Ngati m'bale wanu wamangidwa pa mlandu wakupha, musadikire tsiku la khothi. Pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau ku Blantyre, kapena funsani paralegal amene amayendera ndende. Sungani buku lake la kuchipatala, makalata a kusukulu ndi khadi la ubatizo ngati lilipo, makamaka ngati ndi wachinyamata, poti apolisi nthawi zina amalemba zaka pongoyang'ana msinkhu. Lembaninso mayina a anthu amene anaona zochitikazo akadali m'mudzi, chifukwa ogwira ntchito m'esiteti ambiri ndi a nyengo, ndipo tiyi akachepa m'miyezi yachilimwe amabalalika.