Zitseko za ku Liwonde ndi thandala la usipa ku Nkhotakota

Amene amachita geni ya nsomba m'madooko a Nkhotakota sadaiwale zomwe nyanja idachita mu 2024. Madzi adakwera pang'onopang'ono, popanda mkokomo ngati wa mtsinje wosefukira, mpaka adameza mchenga womwe anthu amakhomapo mathandala oyanikira usipa ndi utaka. Malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi, Salima mpaka kuno, ena adalowa madzi m'zipinda. Pa dooko, m'minibasi ngakhale pamsika wa paboma funso lidali limodzi: bwanji boma silikutsekula zitseko za ku Liwonde kuti madziwa apite?

Zitseko zimenezi zili pa Kamuzu Barrage, mlatho wotchinga mtsinje wa Shire ku Liwonde m'boma la Machinga, pafupifupi makilomita 300 kuchokera ku Nkhotakota. Udamangidwa mu 1965 ndipo uli ndi zitseko 14. Pamalopo sapangirapo magetsi ayi. Ntchito yake ndi kusunga madzi m'nyanja ya Malawi ndi kuwatulutsa mwa muyeso, kuti makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, omwe ali kumunsi kwa Shire, azipeza madzi chaka chonse, ngakhale mu Okutobala pomwe mitsinje ina yaphwa. Shire ndi mtsinje wokhawo wotulutsa madzi m'nyanjayi, ndipo magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje womwewo.

Choncho madzi omwe adameza thandala la mayi wogulitsa usipa ndi omwewo amene amayendetsa filiji ya wogulitsa mafirizesi, chigayo cha mpunga, makina ometera ndi a wowotcherera zitsulo. Apa ndi pomwe nkhaniyi imavutira, chifukwa nthawi zambiri anthu awiriwa amakhala a nyumba imodzi.

Kodi kutsekula zitseko kukadaphwetsa gombe msanga? Masamu ake akukana. Nyanja ya Malawi ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 29,600. Kuti itsike ndi sentimita imodzi yokha, pafunika kuchotsamo madzi okwana makyubiki mita pafupifupi 296 miliyoni. Tinene kuti ku Liwonde awonjezera madzi otuluka ndi makyubiki mita 100 pa sekondi iliyonse, omwe ndi migolo 500 ya malita 200 pa sekondi. Ngakhale atatero usana ndi usiku, pangatenge masiku 34 kuti nyanja itsike ndi sentimita imodziyo, kachidutswa kosafika n'komwe pa mfundo ya chala. Pa nthawi yomweyo Bua, Dwangwa, Linthipe, South Rukuru, Songwe ndi Ruhuhu wa ku Tanzania amakhala akuthirabe madzi. Ndipotu madzi ambiri omwe nyanjayi imataya chaka ndi chaka sadzera mu Shire. Amauluka ndi dzuwa ngati nthunzi.

Koma madzi owonjezerawo, omwe ku Nkhotakota sangaoneke n'komwe, kumunsi ndi nkhani ina. Amakafika m'minda ndi m'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje, komwe anthu amavutika kale ndi kusefukira kwa Shire ndi Ruo. A bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority, lomwe limayang'anira katulutsidwe ka madzi pa zitsekozi, amayenera kuyeza zonsezi: gombe la kumtunda, magetsi a pakati, ndi midzi ya kumunsi. Kuwadzudzula n'kololedwa, makamaka pa kuchedwa kuuza anthu zomwe zikubwera, koma kuganiza kuti ali ndi mpopi wotsekula n'kuphwetsa nyanja m'sabata imodzi ndi kudzinamiza.

Palinso kusiyanitsa kofunika. Madzi omwe adawononga ku Dwangwa kumapeto kwa Febuluwale 2024, n'kusamutsa anthu zikwizikwi komanso kudula msewu wa M5, adali a mvula yamphamvu yomwe idadzadza mitsinje. Amenewo sakukhudzana ndi zitseko za ku Liwonde.

Nyanjayi ili ndi mbiri yokwera ndi kutsika. Kuyambira cha mu 1915 mpaka 1935 idatsika kwambiri moti Shire adaleka kutulutsa madzi, mchenga utatseka pakamwa pake. Mu 1980 idakwera mpaka kufika mamita pafupifupi 477 kuyerekeza ndi pamwamba pa nyanja yamchere, kuposa pomwe idafika mu 2024. Akuluakulu a ku Linga amene adaona chaka chimenecho amadziwa pomwe madzi adalekeza, ndipo wofuna kumanga sitolo kapena mosungira nsomba pafupi ndi gombe angapindule kwambiri kuwafunsa iwowo asadagule njerwa.

Mbali ina ya mbiriyi amalonda adailawa mu 2016 ndi 2017. Mvula itavuta zaka zotsatizana, nyanja idatsika, makina a pa Shire adasowa madzi, ndipo magetsi ankazima tsiku lonse, mpaka boma lidachita kubwereka majenereta a dizilo. Wa chigayo ankagona pa chigayo kudikira magetsi a pakati pa usiku. Wogulitsa chambo chachiwisi ankasowa ayisi, nsomba n'kumagulitsa motchipa dzuwa lisadalowe kuopa kuti zingawole. Madzi ochuluka amawononga gombe miyezi ingapo. Madzi ochepa amapha geni m'dziko lonse.

Nanga zomangidwa zakalezi n'zolimba bwanji? Kamuzu Barrage idakonzedwanso ndi thandizo la World Bank, ntchito yomwe idafika kumapeto cha mu 2018: adaika zitseko zatsopano, adakweza muyeso wa madzi omwe ingasunge ndi masentimita 40, komanso adaika chotchingira namasupuni ndi zinyalala zina zomwe zimakatseka makina kumunsi. Nkula A, yomwe idayamba kugwira ntchito mu 1966 ndi mamegawati 24, nayo idakonzedwanso ndi thandizo la dziko la America ndipo tsopano imatulutsa pafupifupi 36.

Chodabwitsa n'chakuti yomwe idagonja si nkhalambazi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula mbali ya damu la Kapichira, lomwe lidayamba ntchito m'chaka cha 2000. Mamegawati pafupifupi 130, gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a m'madzi a kampani ya EGENCO, adatayika usiku umodzi, ndipo makinawo adadzabwerera mu 2023. Chaka chonse chimenecho Nkhotakota, yomwe ili kutali ndi Chikwawa, idagawana nawo mdima. Zaka za damu si zokhazo zoopsa. Mchenga ndi matope ochokera m'mapiri ometedwa mitengo zimadzadza madamu a pa Shire, malo osungira madzi n'kumachepa, ndipo chigumula chikabwera chimapeza pothawira palibe. Thumba lililonse la makala lochokera m'mapiri a Neno, Mwanza ndi Balaka lili ndi gawo lake pa matope amenewo.

Magetsi a dzuwa a ku Salima, a mamegawati 60, ndi a konkuno ku Nkhotakota, a mamegawati 21, achepetsako kudalira Shire masana. Koma amalowa m'mawaya a ESCOM n'kugawidwa dziko lonse, ndipo dzuwa likalowa Shire ndiye amasenza gawo lalikulu la katunduyo.

Wamalonda wa m'mbali mwa nyanja angachite bwino kuwerenga kalendala ya madzi monga amawerengera ya mwezi ndi mwera. Nyanja imafika pachimake cha mu Epulo ndi Meyi, mvula itatha kale, ndipo imatsikitsitsa cha mu Novembala ndi Disembala. Izi zikutanthauza kuti malo omwe akuoneka ouma mu Disembala si umboni woti n'pabwino kumangapo. Mathandala ndi bwino akhale ozulika, ndipo pangano la malo oyanikira a kumtunda lipangidwe ndi mwini malo kapena amfumu mu Januwale, anthu asadayambe kulimbirana. Malo oyanikira akachepa, usipa wouma bwino umasowa ndipo mtengo wake ku Lilongwe ndi ku Kasungu umakwera; amene ali ndi pouma posungira ndiye amadya bwino nyengo imeneyo.

Kwa odalira filiji, miyezi yoopsa ndi iwiri ya mitundu yosiyana: Okutobala mpaka Disembala ngati mvula ya chaka chapitacho idali yochepa, komanso Januwale mpaka Malichi pomwe zinyalala ndi matope zimatseka makina. Pa nthawi zimenezi si nzeru kupikula chambo kapena kampango wambiri pa ngongole popanda kudziwiratu komwe kuchokere ayisi, kapena nkhuni ndi waya wowambira ngati magetsi atapita.