Kusankha Msasa pa Ulendo Woyamba Wokaonera Mpikisano wa Maola 24 ku Le Mans

Mawu Oyamba

Chaka chilichonse, kawirikawiri m'mwezi wa June, pafupi ndi mzinda wa Le Mans m'dziko la France pamachitika mpikisano wa galimoto umene umatenga maola 24 osalekeza. Mpikisanowu udayamba m'chaka cha 1923 ndipo umayendetsedwa ndi bungwe la Automobile Club de l'Ouest, limene mwachidule amalitchula kuti ACO. Galimoto zimanyamuka Loweruka masana n'kudzamaliza Lamulungu nthawi ngati yomweyo, ndipo imene yayenda mtunda wautali kuposa zinzake ndiyo imapambana. M'chaka cha 2023, pamene mpikisanowu umakwanitsa zaka 100, anthu okwana 325,000 adapita kukaonera. Nyumba zogona alendo za mumzindawu sizingakwanire khamu lotere, kotero kuti anthu ambiri amagona m'matenti m'mphepete mwa msewu wa mpikisano. Malo omangapo matentiwa, amene m'nkhani ino tiziwatchula kuti misasa, alipo ambiri ndipo ndi osiyana kwambiri. Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza zimene munthu wopita koyamba ayenera kuganizira posankha msasa. Mfundo yaikulu ndi yakuti palibe msasa umene uli ndi zabwino zonse, choncho munthu ayenera kudziwiratu chimene angalole kutaya ndi chimene sangalole.

Maonekedwe a Malo

Kuti nkhani ya misasa imveke, tiyenera kuyamba tadziwa kukula kwa malowa. Msewu umene galimoto zimazungulira, wotchedwa Circuit de la Sarthe, ndi wotalika makilomita 13.626. Mbali ina ya msewuwu idamangidwira mipikisano basi, koma mbali yaikulu ndi misewu imene anthu amayendamo masiku onse, ndipo imatsekedwa nthawi ya mpikisano yokha. Poyambira ndi pothera mpikisano, mokonzera galimoto, mipando ya oonera komanso malo ogulitsira zakudya zili kumpoto. Makhona otchuka a Mulsanne ndi Arnage ali kummwera, makilomita angapo kuchokera poyambira. Pakati pa khona ya Tertre Rouge ndi Mulsanne pali msewu wautali wowongoka wotchedwa Hunaudières, umene oonera saloledwa kuimamo. Zimenezi zikutanthauza kuti munthu sangazungulire malo onse wapansi monga mmene angachitire pabwalo la mpira. Pamene wamanga tenti ndi pamene pangamuuze zimene adzaone kwambiri ndi mtunda umene adzayende tsiku lililonse.

Mtunda

Chinthu choyamba kuganizira ndi mtunda wochokera patenti kukafika poyambira mpikisano. Munthu sakhala pamalo amodzi maola onse 24. Amabwerera kutenti kukadya, kukatenga chovala cha mphepo dzuwa likalowa, kapena kukatsamira pang'ono, ndipo ulendo wotere amauyenda kangapo patsiku. Misasa ya Maison Blanche, Houx ndi Tertre Rouge ili pafupi ndi poyambira, moti munthu amafikako m'mphindi zochepa. Msasa wa Beauséjour, umene ndi waukulu kuposa yonse, uli chakummwera pafupi ndi makhona otchedwa Porsche Curves, ndipo kuchoka kumeneko kukafika poyambira kumatenga pafupifupi theka la ola. Theka la ola limaoneka lochepa Lachinayi m'mawa, koma limatalika Lamulungu mbandakucha munthu atachezera usiku wonse ali chiimire. N'chifukwa chake anthu ena ogona ku Beauséjour amabwera ndi njinga zakapalasa. Misasa ya Arnage ndi Mulsanne ndiyo ili kutali koposa, ndipo ogona kumeneko amadalira mabasi amene amanyamula oonera kapena galimoto zawo. Ubwino wake ndi wakuti khona ya Arnage ndi pamene galimoto zimachepetsa liwiro kwambiri, ndipo usiku munthu amaona mabuleki atafiira ndi kutentha. Komabe wopita koyamba amafuna kuona zinthu zambiri zosiyanasiyana, kotero kugona kutali chonchi kukhoza kumumana zina.

Phokoso ndi Tulo

Chachiwiri ndi phokoso, ndipo apa ndi pamene ubwino wa kukhala pafupi umasanduka vuto. Galimoto zoposa 60 zimapikisana, ndipo zimadutsa usiku wonse. Munthu wogona ku Maison Blanche kapena ku Tertre Rouge, kumene matenti ena ali pafupi kwambiri ndi mpanda wa msewu, amatha kuonera mpikisano atangoyenda pang'ono kuchoka patenti pake, koma asayembekezere tulo tabwino. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Pali phokoso linanso limene mlendo saliganizira, ndilo la anthu anzake. Oonera ambiri amafika Lachitatu kapena Lachinayi, ndipo ena amabwerera chisangalalo kuposa galimoto. Amaimba nyimbo, amaliza majenereta, amaphulitsa makombola mpaka usiku kwambiri. Msasa wa Houx Annexe udatchuka ndi khalidwe lotere kwa zaka zambiri. Kwa gulu la achinyamata ofuna kucheza, msasa wotere ndi wabwino. Kwa munthu amene wabwera ndi ana, kapena amene adzayendetse galimoto ulendo wautali mpikisano ukangotha, kusowa tulo masiku anayi otsatizana ndi chinthu choopsa pamsewu. Tikumbukirenso kuti ku Le Mans m'mwezi wa June dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku n'kutuluka cha m'ma 6 koloko m'mawa, ndipo tenti ikawombedwa ndi dzuwa imatentha msanga. Nthawi yogona ndi yochepa kale, choncho zotsekera m'makutu n'zofunika pamsasa uliwonse.

Zofunika pa Moyo wa Tsiku ndi Tsiku

Chachitatu ndi madzi, zimbudzi, mabafa, magetsi ndi mthunzi. Misasa ya ACO ili ndi zimbudzi ndi mipopi, koma chifukwa cha kuchuluka kwa anthu pamakhala mizere yaitali, makamaka m'mawa wa Loweruka. Msasa wa Houx umakondedwa kamba koti uli ndi mitengo yopereka mthunzi ndiponso malo olumikizira magetsi, zinthu zimene misasa yambiri ilibe. Pachifukwa chomwecho malo ake amatha msanga. Kukula kwa malo a tenti nakonso n'kofunika kukudziwa. Kawirikawiri tikiti imodzi ya msasa imapereka malo a mamita 7 mulitali ndi mamita 5 mulifupi, ndipo galimoto imene munthu wabwera nayo iyenera kukwana pomwepo pamodzi ndi tenti. Anthu anayi okhala ndi matenti awiri akuluakulu angafunike malo awiri. Nyengo nayo ndi yosadalirika. Ngakhale kuti June ndi nthawi yotentha ku France, mvula imagwa ndithu, monga idachitira pa mpikisano wa 2024, ndipo misasa yambiri ndi madambo a udzu amene amasanduka matope. Munthu akapatsidwa mwayi wosankha pomanga tenti, apewe pamalo potsika pamene madzi angadikhe, komanso pafupi kwambiri ndi zimbudzi pamene anthu amadutsa usiku wonse.

Mayendedwe

Chachinayi ndi mmene munthu adzafikire. Wobwera pasitima ya pamtunda kuchokera ku Paris amayenda pafupifupi ola limodzi kukafika ku Le Mans. Kuchokera pasiteshoni amakwera sitima yaing'ono ya mumzinda yotchedwa tram, imene idayamba kuyenda m'chaka cha 2007, n'kukatsikira ku Antarès, pafupi ndi chipata cha kummawa. Munthu wotere, amene wasenza katundu kumsana, zimamuyendera bwino akasankha msasa wa mbali imeneyo monga Houx kapena Tertre Rouge. Sitima yomweyi imamuthandizanso Lachisanu, pamene oyendetsa galimoto amaonetsedwa kwa anthu m'misewu ya pakati pa mzinda. Wobwera ndi galimoto yake ayenera kuganizira za potuluka. Mpikisano ukatha anthu onse amafuna kuchoka nthawi imodzi, ndipo misewu imadzaza kwa maola angapo. Misasa ya kunja kwa msewu wa mpikisano, monga Bleu Nord umene uli pafupi ndi bwalo la ndege, imakhala yosavutirapo kutulukamo. Ena amangogona usiku wina n'kunyamuka Lolemba m'mawa. Palinso makampani amene amamangiratu matenti m'malo otchingidwa ndi mpanda, okhala ndi alonda ndi mabafa awoawo. Mtengo wake ndi wokwera, koma wochokera kutali pandege amapepukidwa chifukwa sanyamula tenti.

Maina ndi Matikiti

Ife ophunzira za zilankhulo tikudziwa kuti dzina la malo silifotokoza mmene malowo alili. M'Chifalansa, Beauséjour akutanthauza malo okoma kukhalapo, Maison Blanche ndi nyumba yoyera, Tertre Rouge ndi kachitunda kofiira, pamene Houx ndi dzina la mtengo wina wa masamba aminga. Palibe dzina ngakhale limodzi limene likunena za phokoso kapena mtunda. Komanso Houx ndi Houx Annexe ndi maina ofanana a misasa iwiri yosiyana, ndipo wogula mopupuluma akhoza kupezeka kumene sadafune. Safunsa adadya phula, choncho ndi bwino kuona mapu a chaka chimenecho, pakuti malire a misasa amasintha. Mwachitsanzo, Maison Blanche udachepa pamene kampani ya Porsche idamanga malo ake pamenepo, amene adatsegulidwa m'chaka cha 2015. Mlendo adziwenso kuti tikiti ya msasa si yolowera kukaonera mpikisano. Aliyense amafunika tikiti yakeyake yolowera. Matikiti amayamba kugulitsidwa chakumapeto kwa chaka cham'mbuyo, ndipo mamembala a ACO ndiwo amayamba kugula. A mpikisano wa 2023 adatha kudakali miyezi ingapo.

Mawu Omaliza

Nkhani ino yaonetsa kuti kusankha msasa ku Le Mans ndi kusinthanitsa chabwino china ndi chinzake. Wofuna kukhala pafupi amalipira ndi tulo, wofuna malo osavuta kupeza amalipira ndi miyendo, ndipo wofuna mpumulo wabwino amalipira ndi ndalama. Maganizo anga ndi akuti wopita koyamba aike mtunda patsogolo. Phokoso angalichepetse ndi zotsekera m'makutu, mvula angaipirire ndi jombo, koma tenti ikakhala kutali, kutopa kudzamukakamiza kugona nthawi imene mpikisano umakoma kwambiri, ndiyo usiku ndi mbandakucha. Misasa ya kutali ngati Arnage aisungire ulendo wachiwiri, atadziwa kale khona imene mtima wake umakonda.