Maselo ogona amene amasunga khansa ya m'magazi

Magazi a munthu sakhalitsa monga mmene ambiri amaganizira, chifukwa selo lofiira limakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120 okha, ndipo kuti thupi la munthu wamkulu libwezeretse maselo amene akufa, limapanga atsopano oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse. Ntchito yaikuluyi imayambira m'mafuta a m'mafupa, pa kagulu kochepa ka maselo a tsinde, amene asayansi amawatcha ma stem cell. Selo la tsinde likagawikana limatha kubala linzake lofanana nalo, kapena kubala maselo amene amakhwima n'kukhala ofiira, oyera olimbana ndi matenda, ngakhalenso tizidutswa toumitsa magazi pabala. Umboni wake unayamba kuoneka mu 1961 ku Toronto, pamene James Till ndi Ernest McCulloch anabaya mafuta a m'mafupa mu mbewa zowombedwa ndi cheza champhamvu, kenako n'kupeza totupa pa kapamba wa mbewazo, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti kotupa kalikonse kanachokera ku selo limodzi.

Maselo ambiri a tsinde amakhala ngati ali m'tulo, ndipo amadzuka mwa apo ndi apo potsatira malangizo a majini, omwe ndi zigawo za DNA zolamulira zochita za selo. Khansa ya m'magazi imayamba malangizowa akasokonekera, ndipo palibe mtundu wake umene unaonetsa zimenezi poyera kuposa chronic myeloid leukemia, mwachidule CML, matenda amene amachulukitsa maselo oyera mopyola muyeso, n'kuchititsa wodwala kutopa, kuwonda, kutuluka thukuta usiku ndiponso kutupa kapamba mpaka kumveka pansi pa nthiti za kumanzere.

Mu 1960, Peter Nowell ndi David Hungerford a mumzinda wa Philadelphia anaona kuti m'maselo a odwala CML muli kromozomu imodzi yaifupi modabwitsa. Makromozomu ndi timitolo ta DNA, ndipo selo la munthu limakhala nawo 46. Mu 1973, Janet Rowley wa ku yunivesite ya Chicago anasonyeza kuti chidutswa chosowacho sichinatayike ayi, koma kromozomu 9 ndi kromozomu 22 zinaduka n'kusinthana mapisi. Pamphambano pamene zidutswazo zimalumikizana, jini yotchedwa BCR imaphatikana ndi ina yotchedwa ABL, ndipo zimabala puloteni imene imangouza selo kuti ligawikane, usana ndi usiku, popanda choiletsa. Vutoli munthu sabadwa nalo ndipo sapatsira ana ake, chifukwa limachitika m'selo limodzi la tsinde munthu ali kale moyo.

Popeza gwero linadziwika, Nicholas Lydon ndi anzake a pakampani ya Ciba-Geigy, mogwirizana ndi dokotala Brian Druker wa ku Oregon, anakonza mankhwala a imatinib, amene amakakhala pamalo pomwe puloteniyo imalandirira mphamvu, n'kuitseka pakamwa. Kuyesa mankhwalawa pa anthu kunayamba mu 1998, ndipo mwa odwala 54 amene analandira mlingo wokwanira, 53 magazi awo anabwerera mwakale. Boma la America linawavomereza mu 2001, ndipo mu 2015 bungwe la WHO linawaika pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Matenda amene kale ankapha munthu m'zaka zochepa anasanduka matenda okhala nawo mpaka kukalamba, bola wodwala azimwa mapiritsi tsiku ndi tsiku.

Mawu akuti tsiku ndi tsiku ndi amene akuvutitsabe ofufuza, ndipo n'koyenera kuti awavutitse, chifukwa kumwa mankhwala moyo wonse ndi mtolo wolemera pathupi ndi pathumba. Gulu la Tessa Holyoake ku Glasgow linapeza kuti pakati pa maselo a CML pali ena a tsinde amene amagona tulo tofa nato, ndipo mu 2002 linasonyeza kuti imatinib sawapha. Kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti maselo ogonawa sadalira puloteni ya BCR-ABL kuti akhale moyo, popeza amapeza thandizo ku majini ena ndiponso ku maselo owazungulira m'mafupamo. Mankhwalawa amasadza nthambi, koma chitsa chimatsala m'nthaka chili chachiwisi.

Kuphuka kwa chitsachi kunaoneka bwino m'kafukufuku wa ku France wotchedwa STIM, amene François-Xavier Mahon ndi anzake anafalitsa zotsatira zake mu 2010. Odwala amene kwa zaka ziwiri sanapezeke ndi chizindikiro chilichonse cha BCR-ABL m'magazi anasiyitsidwa mankhwala, ndipo pafupifupi 6 mwa 10 alionse matendawo anabwerera, ambiri m'miyezi 6 yoyamba, ngakhale kuti mankhwala anagwiranso ntchito atayambiranso kumwa. Enawo anakhalabe bwino, ndipo ofufuza akuyesa kumvetsa ngati chitetezo cha m'thupi ndicho chimapondereza maselo otsalawo. Pachifukwachi, madokotala amalola wodwala kusiya imatinib pokhapokha pamene pali makina a PCR, oyeza tizizindikiro tochepetsetsa ta jiniyo, kuti magazi ake aziunikidwa mwezi ndi mwezi m'miyezi yoyambirira.