Ziwengo za Thukuta: Matenda Othawa Dokotala Asanawaone

Mwezi wa Okutobala ku Zomba dzuwa limayamba kuswa mtengo anthu asanatsuke n'komwe makapu a tiyi. Wophunzira wogona ku Chikanda akamathamangira kalasi ku Chirunga, chikwama kumsana, amafika malaya atamatirira pathupi. Kwa ambiri nkhani imathera pa kupukuta nkhope. Koma alipo ena amene thukuta likangoti liyambe, khungu limawabaya ngati agwera m'chitedze. Pachifuwa, m'khosi, kumsana ndi m'mikono mumatuluka tiziwengo tambirimbiri, kalikonse kosaposa njere ya mapira, toyabwa ndi kutentha nthawi imodzi. Munthu amakhala pa benchi akudzikanda mobisa, za mphunzitsi osazimva. Pakatha theka la ola, mwina ola lathunthu, khungu lasalala see, ngati sipanachitike kanthu. Mawa lake zomwezo: akasewera mpira, akasamba madzi otentha, akadya ndiwo za tsabola wambiri, ngakhale pamene wangokhala pamthunzi koma mtima ukugunda poyembekezera pepala la mayeso.

Madokotala amawatchula matendawa kuti cholinergic urticaria, ndipo dokotala wa ku America, William Duke, anawafotokoza kale mu 1924. Amakonda achinyamata, makamaka a zaka zapakati pa 15 ndi 30, msinkhu womwewo wa anthu odzaza makalasi a Yunivesite ya Malawi ndi mabwalo a masewero. Kafukufuku wa ku Germany amene anasindikizidwa mu 1994 anapeza kuti mwa ophunzira pafupifupi 500, oposa 11 pa 100 alionse anali nawo, ambiri mwa iwo mosavutitsa kwenikweni. Ine ndikuona kuti chimene chimasowetsa mtendere odwala athu si kusowa kwa mankhwala ayi. Mankhwala oyambira alipo, ndipo ndi otsika mtengo. Chimene chimavuta n'chakuti matendawa amapatsidwa dzina lolakwika, kenaka n'kulimbana nawo ndi mankhwala olakwika, kapena mankhwala oyenera koma omwedwa mwanjira yolakwika.

Dzina limalakwika chifukwa matendawa ndi othawa. Wodwala akamafika pa mzere wa kuchipatala cha Matawale kapena ku Zomba Central, thupi lazizira kale ndipo palibe choti aonetse. Ngakhale ziwengozo zilipo, mabuku ambiri a zachipatala amati n'zofiira, pomwe pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino; chimene chimaoneka ndi timatupa tofanana mtundu ndi khungu, tooneka bwino kuwala kukabwera cham'mbali. Tsono aliyense amatchula zake. Kunyumba amati ndi magazi oipa, kapena mwanamphepo, kapena kuti nkhumba yamuwenga, ndipo munthu amasala mazira, nyama ndi usipa miyezi yambiri popanda kusintha. Ena amati ndi mphere, n'kuchapa zofunda zonse ndi madzi owira. Enanso amangoyang'ana cham'mbali poganizira HIV. Komatu kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Mphere imayabwa kwambiri usiku, imakonda pakati pa zala ndipo imagwira anthu a nyumba imodzi. Totupa toyabwa tobwera chitetezo cha thupi chikatsika timakhala milungu ndipo timasiya zipsera zakuda. Totupa ta kutentha, tija timavuta makanda, timatha masiku. Chiwengo cha thukuta sichigona: mukachizunguliza ndi bolopeni, mubwerere pakatha maola awiri, mupeza mzere wa inki uli wokha. Sichipatsirana, ndipo sichisiya chipsera pokhapokha chikhadabo chitachekapo.

Choncho mankhwala oyamba ali m'thumba mwa wodwalayo. Ajambule ziwengozo ndi foni zikangotuluka, pafupi ndithu, ataima cha pazenera. Kwa milungu iwiri kapena itatu alembe chimene amachita zisanatuluke, mphindi zimene zinatha zisanazimirire, ndi mankhwala amene anamwa tsikulo, chifukwa asipirini, bulufeni ndi diclofenac amakolezera ziwengo mwa anthu ena. Chithunzi ndi kapepala kameneko akazipereka pamodzi ndi buku la kuchipatala, dokotala amene ali ndi mphindi zochepa amakhala ndi pogwira. Pakakhala chikaiko, madokotala amatha kuziputa dala, pomupalasitsa munthu njinga kapena kumukwezetsa masitepe mpaka atuluke thukuta iwo akuyang'ana. Ziwengo zikamabwerabwera kupitirira milungu 6, amaziwerenga kuti ndi za mgonagona, ndipo kachiritsidwe kake kamasiyana ndi ka chiwengo cha tsiku limodzi.

Kuti timvetse kusiyanako tiyenera kuona chimene chimachitika pansi pa khungu. Thupi likatentha mkati, ubongo umatumiza uthenga kudzera m'mitsempha kuti thukuta lituluke, ndipo mthenga wake ndi acetylcholine. Mwa odwalawa, uthengawo umadzutsanso timaselo ta chitetezo totchedwa mast cells, timene timakhuthula histamine. Histamine ndiye amatsegula timitsempha ta magazi kuti madzi adutse n'kutupitsa khungu, ndiponso ndiye amaputa kuyabwa. Akatswiri a ku Japan anapeza kuti ena thupi lawo limadana ndi zina zopezeka m'thukuta lawo lomwe, pomwe ena vuto lawo ndi kusatuluka thukuta mokwanira. Apa mpamene pali yankho kwa amene amauza wodwala kuti ndi maganizo chabe, angosiya kudandaula. N'zoona kuti mantha ndi nkhawa zimatulutsa ziwengozi, koma zimatero podzera m'njira yomweyo ya thukuta, monga mmene zikhatho zimanyowera munthu akaitanidwa kukaonekera pamaso pa akuluakulu. Kuchepetsa nkhawa kumathandiza, koma wodwalayo sakudzipangitsa.

Mankhwala amene akatswiri a khungu padziko lonse amagwirizana kuti akhale oyamba ndi otsekereza histamine a mtundu watsopano, monga cetirizine ndi loratadine, piritsi limodzi la mamiligalamu 10 patsiku kwa munthu wamkulu. Chinsinsi chake chili pa mawu akuti patsiku. Piritsi limatenga pafupifupi ola kuti liyambe kugwira ntchito, nthawi imene chiwengo chimakhala chikuzimirira chokha. Kumwa zitatuluka kale kuli ngati kufolera nyumba mvula itakata. Amene zimamuvuta kawirikawiri ayenera kumwa tsiku lililonse, zatuluka kaya sizinatuluke, ndipo amene zimamupeza pa masewero pokha angamwe ola limodzi kapena awiri asanayambe. Pakatha milungu iwiri mpaka inayi popanda kusintha, malangizo a akatswiri amalola dokotala kukweza mlingo mpaka kanayi. Pano mpamene ambiri amagwera mphwayi, n'kumati mankhwala a kuchipatala alephera, chonsecho angoyesa sitepe yoyamba. Kukweza mlingoko ndi kwa dokotala, osati kwa mnzako wa m'chipinda, makamaka kwa amayi oyembekezera, ana ndi odwala impso.

Wina anena kuti Piriton ndiye timamudziwa, amapezeka paliponse ndipo amagwira. Amagwiradi, koma amalowanso muubongo. Amagonetsa, amafooketsa maganizo mpaka m'mawa mwake, ndipo mphamvu yake pakhungu imatha msanga. Wophunzira amene akuwerengera mayeso, kapena mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amene akutsika ndi munthu mumsewu wokhotakhota wa ku Chawe, sayenera kukhala pa mankhwala otere miyezi. Choopsa koposa ndi prednisolone ndi dexamethasone, amene anthu amagula popanda chikalata cha dokotala n'kumawatama kuti ndi achangu. Changu chake ndiye msampha. Munthu akasiya ziwengo zimabwerera, ndipo akapitiriza miyezi nkhope imatupa, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimakwera, mafupa amafooka ndipo chitetezo chimatsika, m'dziko limene chifuwa chachikulu sichinathe. Madokotala amawapereka kwa masiku ochepa okha zinthu zikafika povuta, ndipo amene wawamwa nthawi yaitali asawasiye mwadzidzidzi popanda uphungu. Mafuta opaka a betamethasone nawo sathandiza chiwengo chimene chimachoka chokha pa ola limodzi, amangopyapyalitsa khungu. Ponena za mantha akuti kumwa cetirizine tsiku ndi tsiku kuzoloweretsa thupi kapena kuononga chiwindi, anthu ambiri amwa mankhwalawa zaka popanda vuto lotere, ngakhale kuti ena amawodzera nawo pang'ono, ndipo otere angamwe madzulo kapena kusinthidwira ku loratadine.

Langizo lina limene limamveka lanzeru ndi lakuti angopewa kutentha, asiye mpira. Pamwamba pa phiri la Zomba, pamtunda wa mamita oposa 1,500, mphepo yake ndi yozizira ndithu, koma anthu amakhala ndi kugwira ntchito kunsi kuno, ndipo amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu kapena alimi a ku Chingale sangauzidwe kuti asatuluke thukuta. Komanso mnyamata wa zaka 20 akasiya masewero amataya thanzi limene adzalifune akadzakula. Cholinga cha mankhwala n'chakuti munthu abwerere ku bwalo. Zothandiza zing'onozing'ono zilipo: kuthamanga m'mamawa, kuvala zathonje zomasuka, kusamba madzi ofunda pang'ono m'malo mwa otentha. Ena amapeza kuti akamatuluka thukuta tsiku lililonse, pang'onopang'ono, khungu limazolowera, chifukwa ziwengo zikatuluka thupi limakhala maola angapo lisanathe kutulutsanso zina.

Pamenepa pali malire amene sayenera kudumphidwa. Ngati pamodzi ndi ziwengo milomo, zikope kapena lilime zikutupa, kukhosi kukuthina, mpweya ukulira m'chifuwa kapena munthu akuchita chizungulire, imeneyo ndi ngozi yofuna jakisoni wa adrenaline kuchipatala nthawi yomweyo, osati piritsi. Munthu wotere asayese zozoloweretsa thupi payekha, ndipo asakwere phiri kapena kuthamanga ali yekha. Alipo ena amene zimawachitikira pokhapokha akachita masewero atangodya zakudya zina, makamaka za tirigu monga buledi ndi mandasi, ndipo kapepala kaja ndiko kamaulula zimenezi.

Kwa ochepa amene mlingo wokwezedwa sukuwathandiza, kunja kuli jakisoni wa pamwezi wa omalizumab, amene anavomerezedwa mu 2014 pa ziwengo za mgonagona zongobwera zokha, ndipo wathandizanso ena a ziwengo za thukuta. Mtengo wake ndi woti Mmalawi wamba sangaufikire, ndipo sindikufuna kunamiza munthu kuti ali pafupi. Chimene chili pafupi ndi kalata yotumizira wodwala kwa oona za khungu, ngakhale mpaka ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ulendo wa makilomita osakwana 70 kuchokera ku Zomba. Matendawa amatha kukhala zaka zingapo, koma mwa ambiri amazilala okha munthu akamakula. Inu amene mwakhala mukudzikanda mobisa, jambulani ziwengozo zikatulukanso, mupite nacho chithunzicho kuchipatala, ndipo mukafunse za mankhwala osagonetsa omwa tsiku lililonse.